Nyumba ya Katekisiti Kinunda

"Bwerezaninso, a Mbepera," anatero Osmunda. "Mwina m'makutu mwangamu mwadzaza dothi la kumanda. Mwati amayi atuluke?"

A Gotifridi Mbepera, wapampando wa komiti ya tchalitchi, ankazunguliza chipewa m'manja. Anali atakhala pakhonde, pampando wa malemu.

"Sindinati atuluke, mwana wanga. Ndati nyumbayi ndi ya katekisiti. A Kinunda apumula. Kuparishi akutitumizira wina, wochita kupita kusukulu ya ntchitoyi, ndipo ali ndi mkazi ndi ana. Adzafikira pati?"

"Nkhata za pamanda sizinafote n'komwe."

"Ndikudziwa. Koma ophunzira za ubatizo akudikira, ndipo Pasaka yayandikira. Ntchito ya Mulungu siima."

"Galimoto ya bambo mfumu yokha ndiyo imaima."

A Mbepera anatsokomola, navala chipewa, n'kutsazika mayi Edeltruda, amayi ake a Osmunda, amene ankasankha nyemba palichero osadzutsa mutu.

Bambo ake a Osmunda, a Kiliani Kinunda, anali katekisiti wa nthambi imeneyi ya parishi m'mapiri a ku Mbinga kuyambira iye asanabadwe. Wansembe ankafika mwa apo ndi apo, msewu ukalola. Masiku ena onse anali iwowo: kutsogolera mapemphero a Lamulungu, kuphunzitsa katekisimu, kubatiza makanda odwalika, kuika maliro a mudzi wonse. Maliro awo okha ndiwo anasowa woika. Bambo mfumu, wansembe wa parishiyo, anangotumiza uthenga woti galimoto yakanika kukwera phiri chifukwa cha matope. Mwambo anatsogolera a Mbepera, akudodoma pa mawu amene malemu ankawanena osayang'ana n'komwe m'buku.

Mlongo wake wa Osmunda, Wolframu, wamng'ono kwa iye, anatulukira kuseri kwa nyumba ali ndi hamala ndi misomali. Zonse anali atazimva.

"Malo ano ndi a agogo athu," anatero. "Tchalitchichi chakhala pamunda wathu, nyumbayi pamunda wathu, khofi amene komiti imathyola chaka ndi chaka ndi wa agogo. Bambo anangopereka ndi pakamwa ngati akupereka nthochi. Ndikukakhoma chitseko cha tchalitchicho. Akapempherere pansi pa mtengo."

"Bweretsa hamalayo."

"Achemwali, musandiletse."

"Ukakhoma, mawa apolisi akutenga. Ndiye ineyo ndizinyamula chakudya kupita nacho kundende, kwinaku ndikusakira amayi pogona? Bweretsa."

Wolframu anaponya hamala pansi n'kulowera kumunda akung'ung'udza.

Osmunda anatembenukira mayi ake. "Inu mwangoti chete? Akukutulutsani ngati munthu wa lendi."

"Abambo ako ankati nyumbayi si yathu."

"Nanga yathu ili kuti? Zaka zonsezi njerwa ankaumba za tchalitchi zokha. Anapereka munda, anapereka miyendo yawo m'mapirimu, anapereka ine. Atisiyira chiyani? Njinga yopanda mabuleki ndi mikanda ya korona yopempherera."

"Usawanene ali m'manda."

"Ndinayesa kuwanena ali moyo. Anandimva?"

Mayi Edeltruda anatola kamwala m'nyemba, nakataya pabwalo.

Osmunda anakulira pansi pa mtengo wa mapeyala umene unali pakati pa nyumba ndi tchalitchi, pomwe bambo ake ankaphunzitsira. Katekisimu yonse anaiika m'nyimbo. Iwo ankaimba funso, ana n'kuimba yankho, kansungwi kakugunda benchi kuti mawu asathamange. Akuluakulu osadziwa kuwerenga ankaphunzira chimodzimodzi, ndipo kufikira lero amayi ambiri akamalima minda yawo ya maenje m'mapiri amaimba malamulo khumi. Mwana akaphonya yankho kansungwi kankatera padzanja. Osmunda akaphonya kankatera kawiri, kuti pasapezeke wonena kuti katekisiti amakondera mwana wake.

Atakula anapita ku Songea kukasoka zovala, ndipo anakhala ndi mwamuna amene ukwati wake woyamba unadalitsidwa m'tchalitchi. Atabwera kumudzi ndi khanda kuti libatizidwe, bambo ake anaima kutsogolo Lamulungu, namutchula dzina lonse ngati mlendo. Analengeza kuti Osmunda Kinunda sadzalandira Ukaristia, ndipo mwanayo adikire kufikira mayi ake atakonza moyo wawo. Mawu awo sananjenjemere. Osmunda anatuluka pakati pa pemphero, khanda kumsana, ndipo sanapondenso pamudzipo kufikira tsiku la maliro. Bambo ake nawo sanapondeko ku Songea.

Lamulungu lotsatira maliro, tchalitchi chinadzaza. A Mbepera atamaliza zolengeza, Osmunda ananyamuka kumbuyo n'kuyenda mpaka kutsogolo. Anaima penipeni pomwe bambo ake ankaima.

"Mayi, nthawi ya zolengeza yatha," anatero a Mbepera chapansipansi.

"Dzina langa linalengezedwapo pano, ndiye malowa ndikuwadziwa. Khalani pansi."

Khanda lina linayamba kulira, mayi ake nalipatsa bere msanga.

"Ine ndine wochimwa uja," anayamba Osmunda. "Simukufunika kunong'onezana, ndadzinena ndekha. Sindinabwere kudzapempha Ukaristia. Ndabwera kudzafunsa funso, monga ankafunsira malemu, ndipo mundiyankhe chifukwa mayankho mumawadziwa. Lamulo lachinayi likuti chiyani?"

Kenaka mayi wina wachikulire chakumanzere analiimba motsitsa, m'kaimbidwe ka a Kinunda, loti munthu azilemekeza atate ake ndi amake. Amayi ena anamulandira, mpaka mbali yonse ya akazi inali kuimba. Osmunda anadikira kuti amalize.

"Mwakhoza nonse. Palibe wolandira nsungwi. Tsono munthu amene anakuphunzitsani zimenezi, amene anasiya ana ake akudwala n'kukagona kumaliro anu, mkazi wake mukuti apite kuti? Inu a Mbepera, ukwati wanu anaukonza ndani pamene munathawira kwa mkazi wa ku Mbamba Bay?"

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Zimenezo n'zakale," anatero a Mbepera.

"Zanga nazonso n'zakale, koma simunaziiwale. Pansi pamene mwagwada ndi pamunda wa agogo anga. Mlongo wanga amafuna kukhoma chitsekochi, ndamulanda hamala ndine. Musandichititse kumubwezera."

"Ndi lamulo la kuparishi, mayi. Katekisiti watsopano ayenera kukhala ndi pogona."

"Akagone kwanu. Ana anu onse ali ku Dar es Salaam, zipinda zangokhala ndi matumba a khofi."

Apa tchalitchi chinasokonekera. Amuna ena ankati mkazi woletsedwa masakramenti sangalamule mpingo, amayi ankawabweza mawu, ndipo mkulu wina wakhungu anagogoda ndodo pansi kufikira onse atatonthola. Iye anati wachita manyazi okwanira pa maliro aja, sakufuna ena. Anthu sanabalalike mpaka atagwirizana. Mayi Edeltruda akhala m'nyumbamo kufikira khofi atathyoledwa. Mvula ikatha, mphakati uliwonse wa mpingowo udzaumba njerwa, ndipo adzawamangira nyumba kumapeto kwa munda, ndipo mizere ya khofi ya kumeneko idzakhala yawo. Katekisiti watsopano adzayamba wafikira kwa a Mbepera.

Potuluka, amayi angapo anafuna kumugwira dzanja. Osmunda anangodutsa. Anali atapambana, koma mtima unali ukutenthabe, ndipo amene ankafuna kukangana naye kwenikweni anali pansi pa dothi.

M'mawa mwake ankamanga chikwama, akudikira njinga yamoto yoti imutsitsire ku Mbinga. Atatuluka pakhonde anaona mayi wina atakhala yekha pabenchi pansi pa mtengo wa mapeyala. Anali wa msinkhu wapakati, wovala chitenje chotha, mapazi ali matope a ulendo wautali.

"Takulandirani," anatero Osmunda. Mayiyo sanacheuke.

"Samva, salankhulanso," anatero mayi Edeltruda ali pakhomo. "Ndi Kandida, wa kutsidya kwa phiri. Lolemba linali tsiku lake lophunzira kwa abambo ako. Akudziwa kuti anamwalira, kumanda analiko. Wangobwera."

"Munthu wosamva ankamuimbira bwanji katekisimu?"

"Ankamuphunzitsa ndi manja. Anthu ankati n'kutaya nthawi, iwo anati Mulungu alibe makutu okha. Zizindikiro ankapanga okha awiriwo, china lero, china sabata yamawa. Amayenera kubatizidwa Pasaka ino."

Osmunda anaseka mowawa. "Wa kutsidya kwa phiri anamupezera njira. Mdzukulu wawo weniweni anakabatizidwa ndi alendo ku Songea."

Anatenga kapu ya tiyi n'kupita nayo pamtengo paja, popeza mlendo ndi mlendo. Kandida anadzutsa mutu kuti alandire, koma dzanja lake linaima m'malere. Anamuyang'anitsitsa Osmunda kumaso. Kenaka anaika chala pamwamba pa nsidze yake yakumanzere, nachikoka pang'ono chopingasa, n'kuloza Osmunda.

Pamalo pomwepo Osmunda anali ndi chipsera. Anagwa panjinga ya bambo ake ali wamng'ono, akuchokera nawo kukaona wodwala.

"Akuti chiyani? Sitinaonanepo."

Mayi Edeltruda anali atafika kumbuyo kwake. "Ndi dzina lako limenelo. Phunziro likatha ankapempherera anthu. Poyamba Papa, kenaka odwala, akufa. Pomaliza iwe."

"Lolemba lililonse?"

"Lililonse."

Osmunda anaika kapu pabenchi mwamphamvu, tiyi n'kutayikira. "Basi ya ku Songea ankaidziwa pokwerera," anatero. "Akanabwera n'kudzandiuza ndi pakamwa. Pakamwa anali napo. Mpingo wonse unamva."

Kumunsi kwa phiri njinga yamoto inayamba kumveka ikulimbana ndi matope.

Kandida anasendera kumapeto kwa benchi, napukuta tiyi uja ndi nsonga ya chitenje, n'kumenya pathabwa kuti Osmunda akhale. Osmunda anakhalabe chiimire. Mayiyo sanaumirire. Anawongola msana, natsinzina, n'kuyamba yekha pemphero la manja lija monga anaphunzitsidwira: chisoti chachitali pamutu, dzanja pamphumi pa wodwala, zikhatho zoloza pansi. Kenaka chala chinakwera pansidze, ndipo anapinda manja pachifuwa nthawi yaitali kuposa pa ena onse.