Waya Wofiira pa Pampu ya Apongozi

Ukamwini ndi wovuta kale, abale inu, koma Dominic anadzisenzetsa yekha mtolo wina pamwamba. Iyeyu anali ejenti wa kampani ina yogulitsa mapampu a sola, ndipo pakamwa pake panali pothyathyalika. Ndi pakamwa pomwepo pamene ananyengerera apongozi ake, mayi Ezelina a ku Lisasadzi, kuti nazale ya fodya aichotse kudambo n'kuikweza kumtunda, kuseri kwa nyumba. Zothirira ndi makeni, akuti, n'zachikale. Mayiwo anamvera, nagula pampu.

Pampuyo inkayendera nambala. Sabata iliyonse kampani inkatumiza nambala pafoni, ukaitayipa pakabokosi, madzi n'kukwera m'paipi kuchokera kudambo. Ndiye mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nambala ija zii.

Akuba a pa intaneti anali atalowa m'makompyuta a kampaniyo n'kutseka zonse, akuti mpaka alandire dipo. Kampani itakana, iwo anamwaza mafayilo ake poyera. Abwana anangowauza maejenti kuti, "Alimi adikire. Amene atsegule bokosi, ntchito yatha."

Adikire! Nanga mbande ya fodya imadziwa kudikira? Dominic ndi mkazi wake Angelina anayesa ndowa, kutsika ndi kukwera mpaka khosi kuuma, koma dothi linkangomwa ngati mchenga. Mbande zinayamba kugona, masamba kupsa m'mphepete. Nazale ikafa, ndiye kuti chaka chonse cha banjalo chafa.

Apongozi sanam'kalipire, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri. Anaima chom'fulatira, monga mwa ulemu wake, n'kulankhula kwa mwana wawo: "Angelina, tawafunsa bambowa ngati chaka chino kuokushoni tikagulitse sola."

Dominic anachita manyazi mpaka kulakalaka pansi patang'ambika.

Masana ake foni inalira. Ephraim, ejenti mnzake wa ku Nkhamenya, anam'tumizira chithunzi chochokera m'mafayilo obedwa aja. Chinali chojambula cha amisiri a kampani, chimene maejenti sankaonetsedwa n'komwe. Ukadula waya wofiira n'kulumikiza mawaya awiri otsalawo, pampu imayenda popanda nambala.

"Ine sindinakutumizire kanthu, achimwene," anatero Ephraim atamuimbira.

Dominic anakhala pansi pa chigafa cha fodya. Zinthu zakuba zimenezi, iye munthu woimba kwaya ku tchalitchi! Komanso ntchitoyi ndi imene inam'patsa dzina pamudzi wa eni. Popanda iyo anali mkamwini wamba, wotumidwa kukadula milimo yomangira chigafa. Anachita mantha, tisaname. Kenaka anayang'ana mabedi a mbande zija, nadzuka kukabwereka pulayala.

Atadula waya wofiira uja n'kulumikiza otsalawo, paipi inatsokomola, inalavula mpweya, madzi n'kuthovoka. Angelina anaimba nthungululu. Apongozi anangogwada n'kuyamba kukonza udzu wophimbira mabedi.

Nkhani siigona pamudzi. Asanabweze n'komwe pulayala, alimi ena amene anawagulitsa mapampu anali ataima kale pabwalo, zipewa zili m'manja.

"A Dominic, kwathunso zikufa," anatero mkulu wina.

Foni inaliranso m'thumba. Anali abwana. Dominic anaiyang'ana, naipereka kwa Angelina ikulirabe.

"Tiyambire kwa ndani?" Dominic anafunsa alimiwo.