Chala Chimene Chinkatsegula Foni ya Amayi

"Omega, dzuka. Bweretsa chala."

Ndinatambasula dzanja maso ali chitsinzinire, monga mwa masiku onse. Amayi anadinda chala changa chachikulu kuseri kwa foni yawo, foni n'kutseguka. Linali Lamlungu masana, ndipo ine ndinali nditagwa pamatiresi ndi diresi lakutchalitchi lomwelo. Ndinadikira kumva mawu a malemu bambo anga, chifukwa Lamlungu lililonse amayi ankawamvetsera akusita yunifolomu yakuntchito. Koma kunali zii.

"Bambo ako wawapititsa kuti?"

Ndinadzambatuka. Pa watsapu, pamene pankakhala dzina la bambo, panalibe kanthu. Mavoyisi onse amene ankatumiza ali m'chipatala ku Balaka anali atapita, ndi zithunzi zomwe.

Mwina mukudabwa kuti chala cha mwana chikufuna chiyani pa foni ya mayi ake. Amayi akhala akukwecha mabafa a anthu ku Fourways kuyambira ine ndisanagule mano, ndipo jiki anadya timizere tonse ta pazala zawo. Zinasalala ngati sopo wotsalira. Atawatsomphola foni yoyamba parenki ya matakisi m'tauni, a Kapembwa, bambo wa ku Zambia wokonza mafoni pakona pathu ku Bertrams, anawauza kuti foni yosakhoma mu Joni ndi nyumba yopanda chitseko. Anayesa chala ichi, foni kukana. Anayesa icho, kukana. Mapeto ake anaika changa, n'kuwonjezera pini yaitali imene amayi anaiiwala tisanafike n'komwe pakhomo, n'kutsala m'mutu mwanga mokha. Kuyankha foni ankatha okha, koma zina zonse zinkadikira ine. Ndinkanyada, musanamizidwe. Ine amene sukulu inandikanika mu Sitandade 5, ndinali kiyi wa amayi.

A Kapembwa ananenanso kuti mavoyisiwo tiwasunge kwina, pa intaneti, kuti foni ikatayika asatayike nawo. Koma zimenezo zimadya deta. Wayifayi kwa madamu awo akuntchito inalipo, yochita kusefukira, amayi n'kumaopa kupempha. "Lero ndipemphe wayifayi, mawa azikawerenga masupuni a shuga," ankatero. Choncho bambo anatsala mufonimo, okhaokha.

Si kuti ankanena zinthu zikuluzikulu ayi. Ankadandaula nyemba zam'chipatala. Ankaimba nyimbo yakwaya mokhotakhota. Voyisi imodzi inali yanga: "Omega, pakamwa pakopo uzipumitsako, mulowa ntchentche." Kenako kuseka, kenako chifuwa.

"Sindinagwire foni ine, amayi. Ndinali mtulo."

"Ili ndi miyendo? Imatseguka ndi chala cha ndani?"

Kuseri kwa katani kunamveka kukhosomola. Anali a Hopeson, amuna a amayi atsopano, amene ndinkawatchula kuti ankolo chifukwa dzina lakuti bambo linkandikakamira pakhosi. Ankagwira ntchito yaulonda, anali ndi mapepala okhalira m'dziko muno, ndipo chipinda tinkakhalacho chinali m'dzina lawo. Ife tinalibe ngakhale kapepala kamodzi. Lamlungu lililonse mawu a bambo akayamba, iwo ankati, "M'nyumba muno muli amuna awiri, koma wolipira lendi ndi mmodzi."

Tsiku limenelo sananene zimenezo. Anangoti, "Ana amasiku ano. Ankafuna malo oikamo mavidiyo ovina."

Amayi sanandimenye. Anasita yunifolomu mpaka kolala inanunkha kupserera.

Kutacha ndinathamangira kwa a Kapembwa. Anaitembenuza foni ija, kudina uku ndi uku, n'kupukusa mutu. "Wochita izi sanaphonye, mwana wanga. Wafufuta pa watsapu, walowanso m'kati n'kusesa. Mukanasunga kwina, bwenzi pano tikuseka."

Pobwerera ndinapeza Matildah akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Matildah ndi mnzanga wa ku Lusaka, ndipo chipinda chawo ndi chathu zinangolekana ndi thabwa. Pathabwapo pali kabowo kamene tinaboola tokha ndi msomali, koperekerana nkhani. Nkhani zonse za m'nyumba imene ija zinkadutsa pamenepo: amene wabwera ndi wigi yobwereka, amene mwamuna wake ali ndi banja lina ku Dedza, amene amaphika nyama ena atagona kuopa kupemphedwa. Sindibisa, nkhani ndimazikonda. Koma sindinadziwe kuti tsiku lina nkhani ya pabowopo idzakhala ine.

"Iwe, bwela kuno," anatero Matildah m'Chinyanja chake cha ku Lusaka, akuyang'ana uku ndi uku. "Ninaona na menso yanga."

"Unaona chiyani?"

"Dzulo, amai ako ali ku bafa. Nenze kufuna nikuuze za wigi ija, nasuzumila. Iwe uli gone, kukamwa pululu. Ankolo ako agwada pambali pako na foni."

"Ukunama."

"Ninamilenji? Anatenga chala chako pang'onopang'ono, monga munthu akuba dzila pansi pa nkhuku. Adinda. Pamene anasiliza, anakubwezela dzanja pa chifuwa, anakufundika na chitenje."

Chitenjecho ndi chimene chinandipweteka. Ndinakumbuka kuti ndinadzuka nditafunda, ndipo mumtima ndinati ndi amayi.

Ndinayang'ana chala changa. Chinali chomwecho, chikhadabo chodyekadyeka, kachipsera ka mpeni pambali. Pini ndikanaikana ngakhale akanandikoka makutu. Koma chala chilibe nzeru, chimatsegulira aliyense amene wachigwira.

Amayi anafika dzuwa likulowa, mapazi atatupa ndi mzere wa matakisi. A Hopeson anali pampando, akupaka polishi majombo awo. Ndinali nditakonza mawu tsiku lonse, aulemu, oyalana bwino, koma pakamwa panga sipadziwa kudikira.

"Amayi, ndi ankolo. Anatenga chala changa ndili mtulo. Matildah anaona."

Bulashi sinaime n'komwe. "Wailesi ya Bertrams yatsegulidwa," anatero a Hopeson, akuseka. "Mayi a Omega, mwana yemweyu si uja ananena kuti mkazi wa abusa ali ndi pakati, chonsecho ndi mabanzi? Lero mboni yake ndi kabowo ka pathabwa?"

"Za mkazi wa abusa ndinalakwitsa, koma izi..."

"Khala chete," anatero amayi.

"Afunseni! Ayang'aneni kumaso, muwafunse!"

"Ndati khala chete. Tiye panja."

Tinakaima pamasitepe, pamene pamanunkha mkodzo ndi mafuta okazingira tchipisi. Ndinkayembekeza mbama. M'malo mwake amayi anandikonzera kolala ya bulauzi, osandiyang'ana m'maso.

"Ukuganiza kuti ndine chitsiru?" anatero motsitsa mawu. "Iwe ungafufute bambo ako? Iwe amene umalira ndi nyimbo yokhota ija?"

"Ndiye mumadziwa?"

"Ndinadziwa dzulo lomwe, ndisanakufunse."

"Nanga bwanji munandi..."

"Ndikanafunsa ndani? Iwowo?" Analoza chitseko ndi chibwano. "Ukufuna tikagone kurenki? Ukufuna apolisi akatifunse mapepala? Bambo ako anagona, Omega. Sangatipatse denga."

Ndinafuna kunena kuti denga sanatipatse, inde, koma ankatiseketsa. Koma amayi anali atatsegula kale chitseko.

Titalowa, amayi anandipatsa foni. "Ika pini ija. Uchotse chala chako, uike cha ankolo ako. M'nyumba muno mukhale mtendere."

A Hopeson anapukuta dzanja pathalauza n'kulitambasula, ngati munthu wolandira mphatso. Ndinagwira chala chawo ndi dzanja langa, ine ndemwe, n'kuchidinda. Chinali chonenepa, chofunda, timizere take tooneka bwino ngati mizere ya m'munda wolimidwa kumene. Foni sinavute. Inachilandira msangamsanga, ngati inkachidikira.

"Waona?" anatero a Hopeson. "Zinthu zimafuna mwini nyumba."

Tikukhalabe m'chipinda chomwecho. Amayi akafuna kuona mauthenga akumudzi amadikira ankolo abwere kuntchito, ndipo iwo amayamba awerenga okha asanapereke. Lamlungu amayi amasita yunifolomu kuli chete, milomo yokha ikugwedera.

Ine ndimatha kuyeserera mawu a aliyense m'nyumba imene ija. A Kapembwa, mkazi wa abusa, ngakhale madamu wa ku Fourways amene sindinamuonepo. Anthu amagwa nako kuseka. Koma ndikati ndiyesere bambo, "pakamwa pakopo uzipumitsako," mawu amatuluka anga. Kuseka kuja ndimakupeza pang'ono. Chifuwa chija chinapitiratu.

Ndili ndi kafoni kanga tsopano, kogula kwa a Kapembwa, kosweka pakona. Anandifunsa ngati tiike chala, ine ndinati ayi, pini yokha, ndipo chilichonse chimene ndimakonda ndimakachisunga kwina ndi wayifayi ya kutchalitchi. Kabowo kaja sitinatseke. Tsiku lina Matildah anandiitana pamenepo, akuseka.

"Iwe, mtsikana mukulu so, uyamwa chala?"

Ndinamutukwana, ndinati ndi bodza. Koma Lamlungu lotsatira nditadzidzimuka masana, ndinapeza chala chachikulu chili m'kamwa, mano atachigwira zolimba mpaka kusiya mabala.