Mboni za Umphawi

"Osauka? Inu?" A Tursunboy anaseka mpaka chipewa chawo chinapendekeka. "Mwana wanga, mpunga wa kwanu ndinaudya ndi dzanja ili. Mafuta ake anayenderera mpaka pa chigongono."

Mohigul anangoima chilili kutsogolo kwa tebulo la wapampando wa komiti ya dera lawo. Anali atakhoza mayeso olowera ku yunivesite ya ku Namangan kukaphunzira masamu, koma malo amene anapeza anali olipira. Boma linkalipirira atsikana a m'mabanja osowa, bola komiti ya kwawo ilembe kalata yotsimikiza kusowako. Wolemba kalatayo anali bambo yemweyu, amene tsopano ankapukuta misozi ya phwete.

"Amalume, kuti ukwati wa achimwene utheke tinagulitsa ng'ombe."

"Ng'ombeyo ine sindinaione ikutuluka. Chimene ndinaona ndi miphika ikuluikulu, nyama ya nkhosa, oimba a ku tauni. Amuna onse a dera lino anadya m'mawa umene uja. Ndikalemba kuti bambo ako a Ergash ndi osauka, anthu andifunsa ngati mimba yanga imaiwala msanga chonchi."

"Ndiye ine nditani?"

"Lachisanu tikatuluka mu mzikiti, akuluakulu timakumana ku nyumba ya tiyi. Bambo ako abwere adzanene okha ndi pakamwa pawo. Anansi akavomereza, ndidinda pomwepo. Mawu a mwana sindingadindire. Koma ufulumire, mayina akupita Lolemba."

Panjira Mohigul anaitembenuza nkhaniyo monga ankachitira ndi samu yovuta. Kuti banja litchedwe losauka pankafunika mboni. Mboni zonse zinali zitakhuta mpunga wa banjalo, choncho sizikanachitira umboni. Koma bambo ake akanapanda kuphika mpungawo, palibe mnansi ndi mmodzi yemwe akanafuna kuwaimira kumbuyo anthu okwatitsa mwana ndi tiyi yekha. Samu yotere aphunzitsi ake akanangolemba pambali kuti ilibe yankho.

Chipata cha kwawo chinali chikadali kuwala ndi utoto wobiriwira wa pa ukwati. Kuseri kwake kunali khola lopanda kanthu. Bekzod, mwini ukwatiwo, anali atapita ku Russia kukamanga nyumba za eni, ndipo kuchokera kumeneko kunkabwera moni yekha. Mkazi wake, Shahnoza, anali kukhitchini.

A Ergash anamvetsera nkhani ya mwana wawo akunyema buledi wadzulo pansi pa mpesa.

"Ndikaime pamaso pa Tursunboy, munthu amene ankandionera mayeso kusukulu, n'kunena kuti ndine wopemphetsa?"

"Si kupempha, adada. Ndi thandizo la boma."

"Boma likakhalako ku nyumba ya tiyi? Kukakhala apongozi ake a Bekzod. Munthu uja anatipatsa mwana wake ataona mmene timakhalira. Ndikamuuze kuti zonse zija zinali utoto?"

"Nanga sizinali utoto?" anatero amayi ake a Mohigul, a Saodat, osadzutsa mutu pa mtanda umene ankakanda. M'makutu mwawo, mmene munkakhala ndolo zagolide, munali timaulusi takuda toletsa ziboo kutsekeka. "Ng'ombe inapita, ndolo zanga zinapita, simunagwe nazo mphwayi. Mawu anu okha ndiye odula kwambiri?"

"Tsitsa mawu, mkazi iwe. Mpongozi wathu Shahnoza akumva."

"Amve. Akuganiza kuti mkaka unatha chifukwa ng'ombe ili patchuthi?"

A Ergash anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Sanali munthu wouma mtima. Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, anayenda msewu wonse kuuza aliyense, ngakhale wokonza njinga amene sankamva bwino.

"Ndipita," anatero. "Ndikanena."

Lachisanu anatulutsa mkanjo wawo wa pa ukwati, wamizeremizere, wonyezimira.

"Adada, bwanji osavala wakale uja?"

"Ndikaoneke pa anthu ngati ndatuluka m'dzenje? Ndati ndikanena, sindinati ndikachita sewero."

Mtsikana salowa m'nyumba ya tiyi. Mohigul anaima kuseri kwa khoma lalifupi, pafupi ndi uvuni, pamene ankatha kuona ndi kumva zonse. Amuna anali atakhala pa nsanja yamatabwa pansi pa mtengo wa mabulosi. Bambo ake atangofika, onse anadzuka, manja pachifuwa.

"Kumtunda, a Ergash, kumtunda!"

Anawakankhira pamalo aulemu, kutali ndi polowera, pamene kale pankakhala okhawo amene anapitako ku Maka kukapemphera. A Ergash anakana kawiri monga mwa mwambo, kenako anakhala. Pambali pawo panali apongozi ake a Bekzod, a Qodir, munthu wa sitolo ya nsalu.

"Mpunga uja mpaka lero ndimaulota," anatero mkulu wina wopanda mano. "Ine ndikadzafa, mudzaitane Ergash adzayang'anire miphika."

"Ifani msanga, agogo, tili ndi njala!"

Anthu anaseka. A Tursunboy anathira tiyi pang'ono m'kambale, n'kupereka ndi dzanja lamanja.

"Mnzanga, mwana wako anabwera ku ofesi. Akuti zinthu sizili bwino kwanu, ndipo akufuna kalata ya osowa. Ife tonse ndi abale pano. Tiuze."

Phokoso linatha. A Qodir anaika kambale kawo pansi pang'onopang'ono n'kutembenuka.

Mohigul anaona bambo ake akutsegula pakamwa. Mawu anali pomwepo, anali atawabwereza kangapo panjira. Koma maso awo anagwera pa a Qodir, kenako pa mtsamiro wofewa umene anawaikira kumsana.

"Ana a masiku ano mukuwadziwa," anatero a Ergash, akumwetulira. "Akangomva kuti boma likugawa, liwiro. Ayi, abale anga. Mulungu atamandike, sitisowa kanthu."

"Atamandike!" anavomera onse, akupukuta nkhope ndi zikhato.

"Ndimadziwa ine," anatero a Tursunboy, ali ndi nkhope ya munthu amene wapepukidwa. "Kalatayo tipatsa ena ovutikadi."

A Qodir anawasisita paphewa. "Mtsikana wophunzira kwambiri amavutanso kukwatiwa. Musadandaule naye."

"Tiyi wa lero ndi wanga," a Ergash anauza mwini nyumbayo mokweza. "Bweretsani ndi buledi wotentha."

Mohigul anatsamira khoma. Linali lofunda ndi moto wa uvuni, ndipo fungo la buledi amene sakanamudya linadzaza pamalopo.

Bambo ake anatuluka anthu atabalalika. Atamuona sanadabwe.

"Unamva?"

"Ndinamva."

"Chaka chamawa. Bekzod akatumiza kanthu, udzalembanso mayeso. Mutu uli nawo, suthawa."

Mohigul anayenda kumbuyo kwawo, monga mwana wamkazi amayendera. Mkanjo unkanyezimira padzuwa, ndipo aliyense amene anakumana nawo ankawapatukira. Atatsala pang'ono kufika pachipata, a Ergash anachepetsa liwiro, n'kulankhula osatembenuka, ndi mawu a munthu wopempha kuti wina amuvomereze.

"Koma unaona pamene anandikhazika?"

"Ndinaona, adada. Pamalo abwino."

Mayina anapita Lolemba, lake palibe. M'mawa womwewo Mohigul anamanga mpango kumutu n'kukwera lole ya okathyola thonje. Amayi awiri a pamsewu wawo, amene ankasesa pazipata zawo, anaima kumuyang'ana.

"Taonani kulera kwa a Ergash," anatero mmodzi. "Mwana wa banja lopeza bwino chonchija, koma ntchito ya kumunda sainyoza."