Majeti Aang'ono a Kresida

Ndinafika ku Durban Lachisanu masana, malaya atamata kumsana. Zanga zonse zili mu Kresida, galimoto yanga yakale: bulangete, masipanala, nsapato. Sindikhalitsa malo amodzi. Sabata ino kuno, sabata yamawa kwina. Injini ikafa, ndamangika. Ndipo kumangika ndimakuopa kuposa njala.

Mpikisano unali Lamulungu. Msewu wowongoka, magalimoto awiri, wofika msanga wapambana. Wopikisana naye anali Kugen wa ku Chatsworth. Galimoto yake imabwera pa ngolo yonyamulira magalimoto, imabwerera pa ngolo. Yanga imabwera ndi matayala ake.

Ndinkafuna naitrasi, gasi wa m'botolo wopatsa injini ukali. Ndinapita kwa amalume Moonsamy, amene amaika mabotolowa kuseri kwa sitolo ya tsabola.

"Iwe wa ku Joni, ukufuna youma kapena yonyowa?"

"Yonyowa, amalume."

"Youma siivuta kuika. Anyamata onse akutenga imeneyo."

"Youma imangopopera gasi. Petulo akachepa, pisitoni isungunuka. Ndipatseni yobwera ndi petulo wake."

Anatulutsa kabokosi ka majeti. Timkuwa ting'onoting'ono, kalikonse ndi kabowo kake. Amayenda awiriawiri, wa gasi ndi wa petulo. Bowo likakula, galimoto imauluka. Ndinasankha aang'ono.

"Aaa, mphwanga! Amenewo timaika pa njinga za ana."

"Injiniyi inakonzedwera ku Joni, kumtunda, kwa mpweya wopepuka. Kuno kunyanja mpweya ngwolemera. Ili kale ndi ludzu la petulo. Nkhonya yaikulu siingaipirire."

"Ndiye ukathamanga ndi Kugen, kapena ukamuperekeza?"

Anandiponyera majeti awiri aakulu m'thumba la malaya. "Aulere. Mtima ukakula, udzaike."

Lamulungu dzuwa linaswa mtengo. Ku Joni timafunditsa botolo tisanathamange, chifukwa kuzizira kumafoola gasi. Dzanja langa linali litagwira kale bulangete. Kenaka ndinayang'ana geji ya botolo. Singano inali itakwera yokha. Botolo lotentha limakankha gasi wochuluka kuposa petulo. Ndinaponya bulangete kumbuyo. Ndinathamangira kwa mayi wogulitsa banichau, buledi wothiramo ndiwo, n'kupempha madzi oundana. Ndinakulunga botolo ndi thaulo lonyowa.

Kugen anasuzumira m'buti.

"Bwanji aise, botolo ladwala malungo?"

"Likupuma."

"Ndamva wagula majeti a ana. Nsalu ya m'mphuno wabwera nayo? Udzafunika kupukuta utsi wanga."

"Iwe uza wa ngolo asapite patali."

Tinaima pamzere. Majeti aakulu aja ankandilasa pachifuwa. Nyali yoyambira inayaka. Ndinaponda. Giya yachiwiri, ndinadina batani la naitrasi. Kresida inandikankhira kumpando ngati yalumidwa ndi mavu. Ndinali kutsogolo. Ndinamuona Kugen pagalasi. Kenaka pambali panga. Kenaka ndinaona nyali zake zakumbuyo. Anandiposa ndi theka la galimoto.

Theka lokha.

Tabwerera, anthu anatizungulira. Kugen sankasekanso.

"Achimwene, mwandidzidzimutsa. Ikani aakulu aja tibwereze. Mundidya, ndikulumbira."

"Ika! Ika!" anthu anakuwa. Amalume Moonsamy anali atanyamula kale sipanala m'mwamba.

Ndinatulutsa majetiwo. Ndinawagubuduza m'dzanja. Sankanama Kugen: ndi amenewa ndikanamudya. Mwina. Mwinanso ndikanagona ku Durban mpaka Khirisimasi, ndikufunafuna mapisitoni m'magalaja a eni.

Ndinatsegula boneti, n'kumvetsera. Injini inkalira bwinobwino, osatsokomola. Kummwera msewu unkandidikira.

Ndinaika majetiwo m'dzanja la amalume.

"Mundisungire. Ndikaika mapisitoni olimba, ndidzawatenga."

"Wamantha!" wina anakuwa kumbuyo.

"Wamantha amene akuchoka ndi matayala ake," ndinatero. "Kugen, ngolo yako yafika?"

Anaseka, n'kumenya denga la Kresida kawiri.

Ndinatseka botolo. Ndinafinya thaulo, n'kuliyanika pampando. Pachipata ndinakhotera kumanzere, nyanja ili pambali panga. Ndinaika giya yachisanu.