Mfuti Yophonya ya Gul Marjan

Zarak analowa mu shopu ya Gul Marjan dzuwa lili paliwombo, nkuponya mfuti yam'manja patebulo ngati nsomba yowola.

"Madala, mfuti yanu yatsopanoyi singalase ngakhale bulu womangirira. Ndikalozetsa kum'mawa, chipolopolo chikukapereka moni kumwera!"

Amisiri a m'mashopu oyandikana anasiya matupa awo nkuyamba kusuzumira. Pamsika wa osula mfuti wa Darra munthu amadyera dzina lake, ndipo kwa zaka makumi anayi panalibe amene anabwezapo mfuti ya Gul Marjan.

Koma chimene chinamudetsa nkhawa mkuluyo sichinali chimenecho. Mfutiyi anaigulitsa kusanagwe zovuta. Kenako kunabuka mkangano wa ngalande ya madzi, mng'ono wake wa Zarak nkufera pomwepo. Amene anawombera anali Baryalai, mwamuna wa Wagma, mwana mmodzi yekhayo wa Gul Marjan. Akuluakulu anakhalirapo kawiri koma zinakanika. Msika wonse unkadziwa chimene Zarak ankaphunzirira kulasa.

Komabe mlendo ndi mlendo. Gul Marjan anamuthirira tiyi, nafunsa ngati mmene akanafunsira wina aliyense.

"Zipolopolozi ukuzitenga kuti, mwana wanga?"

"Ndimaumba ndekha. Mtovu wa mabatire akale, chikombole cha malemu bambo anga. Musanamizire zipolopolo zanga."

Mkuluyo anayang'ana m'mpope wa mfutiyo molunjika kuwala. M'kati monse munali mutamatirira mtovu. Anatenga kampira ka mtovu wofewa, nakakhomerera ndi kandodo mpaka kanatulukira mbali ina katadindika mizere ya mumpopemo, imene imawongola chipolopolo. Kenako anakayesa pa mabowo asanu ndi limodzi a chigubu chozungulira chimene mumakhala zipolopolo. Kanakana kulowa paliponse.

Basi, matenda anapezeka. Mabowo aja anali othina kuposa mpope, moti chipolopolo chinkafinyika potuluka, nkulowa mumpope chitachepa, chikugwedera osagwira mizere. Chitsulo chake chokulitsira mabowo chinali chitaperepeseka, iye osaona. Chatsopano chinali pomwepo m'kabati. Ntchitoyo ikanatha tiyi wa Zarak asanazizire.

Manja ake anayamba okha kulowera ku kabati kuja. Umisiri ndi woipa, sudziwa chibale. Anawabweza, akuganiza za Wagma ndi kakhanda kake ka miyezi inayi.

"Nanga mwapeza chiyani, madala?"

"Zipolopolo zako zilibe mlandu," anatero Gul Marjan mokweza, kuti osuzumira aja amve. "Ndinalakwitsa ndine. Mpope ndi wokhota, sungakonzeke. Maso anga atha, ndakalamba."

Anaipana mfuti ija pa chopanira, natenga nyundo yaikulu. Anamenya katatu. Zimene anasula milungu isanu zinasanduka chitsulo chokhotakhota, ndipo dzina lake linathera pomwepo, anthu akuona. Anabweza m'manja mwa Zarak zonse zimene anapereka pogula. Wina panja anaseka chapansipansi.

Zarak anamaliza tiyi wake mosafulumira, nkuika kapu pansi bwinobwino.

"Ndinakuonani pamene kampira kaja kanakana kulowa. Inu mukunama ngati mwana wakuba shuga. Koma sindikukwiyirani ayi. Inenso ndikanakhala ndi mwana wamkazi ndikanatero."

Anapukuta pakamwa, nadutsa msewu kukagula mfuti ina. Kutsidya kunali shopu ya Shamroz, amene anaphunzira ntchito pansi pa Gul Marjan yemweyo, ndipo anaiphunzira bwino. Kupitirira apo kunali mashopu ena mazanamazana. Za zimenezi mkuluyo sanaganizeko pamene ankanyamula nyundo.

Anakhala pansi, nayamba kutolera tizidutswa ta chitsulo kuti manja apeze chochita. Kuseri kwa mashopu, paphiri, pali lata lakale limene ogula onse amayeserapo mfuti. Patapita kanthawi kunamveka kulira kwa mfuti yam'manja, ndipo lata linayankha kuti ngwee! Gul Marjan anawerenga mosafuna. Kachiwiri linayankha. Kachitatu. Kachinayi. Kachisanu.

Anadikira chipolopolo chachisanu ndi chimodzi, mutu uli pansi. Sichinalire. Zarak anali atachisunga.