Tsitsi la Neta

Mayi Aganetha Hiebert, amene onse ankangowatcha Neta, anamwalira chisanu cha ku Manitoba chitafika poumitsa madzi m'mipope, ndipo tsiku la maliro lisanakwane, amuna awo anali atatsimikiza kale mumtima kuti mkazi wawo wawathawa.

Bambo Kornelius mutu unali utawasokonekera kalekale. Mayina a ana anawaiwala, famu imene inawapinda msana anaiiwalanso, koma Neta wawo ayi. Nanga akanamuiwala bwanji munthu amene ankawameta ndevu, kuwadyetsa ndi supuni, kuwatsata pakhomo akatuluka opanda nsapato? Tsopano mkuluyo ankangokhala pazenera, chakudya osachikhudza, n'kumafunsa Elfrieda, mwana wawo wamkazi, kuti kodi anamulakwira chiyani Neta kuti achoke osatsanzika. Elfrieda ankawauza zoona zake, koma mawu ankangopita ndi mphepo. Zimenezi zinkamudya mumtima kuposa imfayo. Mayi amene anakama ng'ombe ali ndi mimba, analera ana n'kuika m'manda mmodzi, anaphikira mabanzi maliro onse a mumpingo, analukira mdzukulu aliyense magolovesi, lero atsale m'mutu mwa mwamuna wawo ngati mkazi wothawa banja? Chiyembekezo chinatsala chimodzi: Bambo aone nkhope ndi maso awo bokosi lisanatsekedwe, poti likatsekedwa salitsegulanso.

Kale amayi a mumpingo ankasambitsa ndi kuveka mnzawo okha. Masiku ano ntchitoyo ili m'manja mwa anthu a masuti olankhula monong'ona, ndipo iwo amapempha chithunzi kuti akonze thupi mofanana nacho. Elfrieda anawapatsa chokongola koposa, cha pa ukwati wa mdzukulu, tsiku limene atsikana anawagwira agogo awo mokakamiza, kuwavula mpango, kuwapiringiza tsitsi ndi kuwapaka zofiira pamilomo. Mayi Neta anaseka tsiku lomwelo, n'kuzipukuta zonse asanafike pagalimoto. Anthu a masuti aja anaigwira ntchito yawo bwino kwambiri. M'bokosi munagona dona wa m'tauni.

Waldo, mchimwene wake wa Elfrieda, anawafikitsa Bambo pafupi ndi bokosi, m'kachipinda ka pambali pa tchalitchi, atawagwira mkono. Mkuluyo anasuzumira, n'kugwedeza mutu mwaulemu monga achitira munthu pa maliro a mlendo.

"Pepani kwa eni ake," anatero. "Koma Neta simunamuone? Mwina ali kukhitchini."

Elfrieda anayang'ana kuchitseko. Tchalitchi chinali chitadzaza, woimba limba atayamba kale, fungo la khofi likukwera kuchokera m'chipinda chapansi, ndipo mkulu wa okonza maliro anali ataima pambali, manja kumbuyo, kudikira kutseka. Waldo anamunong'oneza kuti asiye, zachitika zachitika, Bambo mawa adzakhala ataiwala zonse.

"Zonse aiwala, koma zoti anathawidwa saiwala," anatero Elfrieda. "Iwe umabwera pa Khirisimasi pokha, sunawamve akulira pazenera. Tseka chitseko icho."

Anauza abusa kuti anthu aimbe nyimbo ina, ikatha aimbenso ina. Mkulu wa masuti uja anayamba kufotokoza mwaulemu kuti zopakazo si wamba, ndipo khungu la munthu womwalira silifuna kuligwiragwira. Elfrieda anawerama pabokosi. Ananyowetsa kansalu m'madzi a maluwa n'kuyamba kupukuta milomo ya mayi ake. Kufiirako kunangofalikira mpaka kuchibwano. Anapukutanso, akupepesa chamumtima. Pansi pa utotowo panatuluka khungu lotuwa, lachilendo, losafanana ndi dona uja kapena ndi mayi ake. Apa anadziwa kuti wawononga.

Linatsala ndi tsitsi. Anazula timapini tonse, n'kulipesa ndi zala, koma linali louma gwa ndi mankhwala. Mayi Neta moyo wawo wonse ankaluka imvi zawo chingwe chimodzi chachitali, n'kuchizunguliza kunkhongo pansi pa mpango wakuda. Elfrieda anayesa. Iye tsitsi analidula ali mtsikana, ndipo ana ake onse anali aamuna. Zigawo zitatu za tsitsilo zinkamupulumuka, lukolo n'kumasuka. Kuseri kwa chitseko nyimbo yachiwiri inali kumapeto.

"Osati choncho, mayi inu. Mukumukoka."

Anali Bambo Kornelius. Anali atamusiya Waldo n'kuima pamutu pa bokosi, akuyang'ana manja a Elfrieda mokwiya. Anamukankhira pambali ndi chigongono. Zala zawo zokhotakhota, zimene zinkalephera kumanga batani, zinagawa tsitsi patatu n'kuyamba kuluka, mosafulumira, mosaphonya. Elfrieda ndi Waldo anayang'anana. Palibe mwa iwo ankadziwa kuti chiyambireni nyamakazi kupinda manja a Mayi, wowaluka m'mawa anali mkulu yemweyu.

Atafika kunsonga, anatambasula dzanja osacheuka, ndipo Elfrieda anavula mpango wake wa m'khosi n'kuwapatsa. Anaumanga pansi pa chibwano, n'kuwongola mfundo. Kenako chikhatho chawo chinakhala pa tsaya la mkazi wawo, n'kukhalitsa.

"Neta," anaitana motsitsa. "Iwe Neta. Wazizira bwanji chonchi?"

"Amwalira, Bambo. Sanakuthaweni. Anamwalira ali m'nyumba mwanu, pabedi panu."

Mkuluyo anamuyang'ana, ndipo Elfrieda anaona m'maso mwawo kuti ulendo uno mawu afika. Chimene anachipempherera sabata yonse chinali chimenechi, koma sanakonzekere kulira kumene kunatuluka m'chifuwa cha bambo ake. Kunamveka mpaka m'tchalitchi, ndipo limba linaleka pakati pa nyimbo. Bambo Kornelius anagwira dzanja la mkazi wawo ndi manja onse awiri, n'kunena kuti asatseke, iwo apita naye, awasunthire pang'ono malo alipo.

Abusa anasuzumira pachitseko. Mkulu wa masuti anayang'ana pansi. Waldo anayang'ana mlongo wake, poti zonsezi anaziyamba ndi iye. Elfrieda anapukuta misozi ndi mkono, anawerama, n'kuyamba kumasula zala za bambo ake chimodzichimodzi.