Petulo Wofiira

Norah atapotokola kiyi, motoka inatsokomola kenaka n'kubangula, nkhuku za Antónia zinabalalika mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Yauka mfumukazi ya Feira!" anafuula Antónia, mayi wogulitsa nsomba zouma wa nyumba yoyandikana nayo. "Mwaimwetsa kale tiyi wake wa ku Lusaka?"

Norah anangomwetulira. Anasiya injini ikulira, natuluka, nazungulira kukakhala kumpando wa kumanzere, monga ankachitira pa Sondo iliyonse. Motokayo inali ndi mipando iwiri yokha, yafupi ngati yagona chafufumimba, ndipo sinkapita kulikonse. Inkangolira pansi pa mtengo wa mango, iye n'kumamvetsera atayang'ana mpando wopanda munthu.

Mwamuna wake Teddy, kalaliki wa pa Boma la Feira, anaigula kwa mzungu wina wa ku migodi. Akuluakulu a ntchito atamubwezera Teddy ku Lusaka chaka chimene malire a dziko anatsekedwa, mvula inali itadula msewu, ndipo kunkamveka za mabomba okwirira pansi. Teddy anakwera galimoto ya boma yotsatira asilikali, nasiya motoka ndi mkazi.

"Nikapeza nyumba nizabwela kumutengani nonse awiri," anatero tsiku lonyamuka. "Koma umvele, Norah, iyi simamwa petulo wa regula. Injini yake ni yothina maningi. Regula amapsa musanga, nthawi isanakwane, ndiye injini iyamba kugogoda monga muli munthu na nyundo mukati. Supa chabe, uja wofiila. Uziilitsa pa Sondo kuti isafe."

Kuyambira pamenepo, kumapeto a mwezi lole ya Anock yobweretsa mchere ndi sopo inkabweretsanso kachitini ka supa. Mawu sankabwera, koma Norah sankadandaula pamaso pa anthu. Ankati mwamuna amene amaima pamzere ku Lusaka kufunafuna supa ndiye kuti akukumbukira kumene anasiya mtima. Akazi a anthu a boma anathawa mmodzimmodzi chifukwa cha mfuti zolira kutsidya kwa Zambezi. Amalume ake a Norah anatumiza uthenga kuti abwerere kwawo ku Katondwe, iye anakana. Ndege ikamveka, anzake ankathamangira m'maenje, Norah ankayamba wafunditsa motoka tenti. Anali yekhayekha, ndipo ankadziwa kuti anthu amamuseka.

Kenaka kachitini kanasiya kubwera.

"Mwana wanga, regula ali chabe mu dilamu kwathu," anatero Antónia atamupeza akugwedeza chitini chopanda kanthu. "Asoja analetsa mainjini pamadzi, amuna anga ba Everisto apalasa bwato na nkhafi lomba. Tenga, uike. Petulo ni petulo."

"Iyayi amama, ba Teddy anakana."

"Ba Teddy, ba Teddy! Iwe udya nkhwani wopanda mafuta, motoka imwa zosankha. Kodi wokwatiwa ndani apa?"

Norah anaseka, koma mawuwo anamubaya. Chimene Antónia sankadziwa n'chakuti supa analipo. Kuseri kwa chitseko kunali chigubu chimene Norah ankathiramo pang'ono pa kachitini kalikonse, nafupikitsa kulira kwa injini pa Sondo kuti asunge wa ulendo. Ankafuna kuti Teddy akadzafika n'kufunsa za petulo, iye adzangotsegula chitseko. Chigubucho sankachikhudza, ngakhale motoka inakhala chete masabata angapo.

Lole inafika m'chilimwe, fumbi lili tolotolo. Anock anatsika ndi bambo wina wovala ovolosi, atanyamula batire ndi zigubu ziwiri.

"Ba Norah, awa ni ba Kebby, ba makanika. Ba Teddy ati atenge motoka, msewu wauma."

Mtima wa Norah unadumpha. Anathamangira m'nyumba, natsitsa sutikesi, naponyamo zitenje, nsapato za ku tchalitchi ndi malaya a Teddy amene ankawasita ngakhale panalibe wowavala. Anamva Antónia akululuta panja. Atatuluka atavala diresi yake yabwino, anapeza Kebby atamangirira kale batire, akutsegula chigubu. Petulo amene anatuluka m'menemo anali wotuwa.

"Imani! Uyo ni regula!"

Kebby anaweramuka. "Ee, ni regula, amai. Supa avuta ku Lusaka masiku ano."

"Izagogoda. Muzaiononga."

"Izagogoda, makamaka pa mapili. Ninabauza ba Teddy. Ati ika aliyense, bola ifike." Kebby anayang'ana sutikesi, kenaka anayang'ana Anock. "Za munthu wina sananiuze. Pa mupando apo niika chigubu."

Norah anatembenukira kwa Anock, amene anali atayamba kupukuta galasi la lole lomwe linali loyera kale.

"Ba Anock, nyumba anaipeza?"

"Anaipeza, mulamu."

"Liti?"

"Kale."

"Nanga ine anakamba chani?"

Anock anavula chipewa nachipotokola m'manja. "Sinifuna kumunamizani, mwanisunga bwino apa. Uyo mupando uli na mwine wake ku Lusaka. Ndiye amene afuna motoka."

Antónia anagwira pakamwa. Norah anaima pomwepo, sutikesi ili m'manja, manyazi atamukuta thupi lonse. Chimene chinamupweteka kwambiri si mkazi wa ku Lusaka uja, amene sankamudziwa n'komwe. Anali mawu akuti ika aliyense. Miyezi yonseyo anakana regula ngati akukana mwamuna wina, pamene mwini lamulo anali ataliiwala kalekale.

Kebby anakwezanso chigubu chake.

"Nati imani," anatero Norah, mawu ali pansi.

Analowa m'nyumba, natuluka akukoka chigubu cha kuseri kwa chitseko. Anakana kuthandizidwa. Anatsegula thanki yekha, nathira yekha, petulo wofiira akunyezimira padzuwa, fungo lake likukwera m'maso mpaka misozi inapeza chonamizira.

"Wapenga?" ananong'ona Antónia. "Umupatsanso? Bisa, aende nayo igogoda mpaka pakhomo pa uja mukazi!"

"Motoka sinanilakwile, amama. Ndiyo yenze kukamba na ine pa Sondo."

Chigubu chitatha, Norah anatsegula sutikesi pa mchenga. Anachotsa zitenje zake ndi nsapato zake, nazipereka kwa Antónia. Anabwerera m'nyumba kukatenga jekete ya Teddy, lumo lake lometera ndevu ndi wailesi, nazilongedza pamwamba pa malaya osita aja. Kenaka anatsegula chitseko cha kumanzere, nakhazika sutikesiyo pampando.

"Chigubu chanu muike pansi, pa mendo," anauza Kebby. "Ikayamba kukwela mapili musaikakamize. Mukafika mubauze kuti vonse vao vafika. Kuno kulibe chao chatsala."

"Nibauze vina?" anafunsa Anock.

"Ivo chabe."

Motoka inalira kamodzi kokha, bwinobwino, popanda kugogoda ngakhale pang'ono. Inatuluka pansi pa mango, mimba ikukhula udzu umene unamera mozungulira matayala, n'kutsata lole kulowera ku msewu wa Lusaka. Norah anamvetsera mpaka phokoso lake linasakanikirana ndi la mtsinje. Inkalira bwino, ndipo zimenezo zinamukondweretsa pang'ono, kenaka zinamupweteka.

Pa Sondo yotsatira anadzuka ndi chizolowezi, nafika pansi pa mango kiyi mulibe m'manja. Panali maenje anayi a matayala ndi dontho lakuda la oyilo. Anatenga tsache nasesa, koma dontholo silinachoke. Anapinda tenti ija nakaisiya pakhomo pa Antónia kuti aziyanikirapo nsomba.

"Uyenda kuti na katundu pamutu?" anafunsa Antónia.

"Ku Katondwe, kwa amalume."

"Na mendo? Lindila lole ya ba Anock."

"Nalindila kale maningi, amama."

Anamanga chitenje m'chiuno, nanyamula chigubu chija atachitsuka ndi phulusa n'kuthiramo madzi a panjira. Atamwa koyamba pa mlatho waung'ono kunja kwa Boma, madziwo ankanunkhabe petulo. Anameza, natseka chigubu, napitiriza ulendo.